KULANDIRA MALIPIRO PA KHADI NDI PA FONI: ZOYENERA KUDZIWA MLIMI AMENE ALI NDI KABIZINESI

Wolemba: Mlangizi wa Bungwe, Chiradzulu

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika, ndalama zimayenda kwambiri m'misika yathu ya ku Mbulumbuzi, Namitambo, Thumbwe, Njuli ndi pa Boma. Alimi ambiri olembetsedwa m'boma lino sadalira munda wokha. Wina ali ndi kagolosale, wina chigayo, wina amagulitsa mbewu ndi feteleza, ndipo wina amapikula nandolo kwa anzake nkukagulitsa ku Limbe. Pa misonkhano ya makalabu funso limodzi lakhala likubwerabwera: "Alangizi, kodi ndiyambe kulandira malipiro pa khadi ndi pa foni, kapena ndikhalebe pa ndalama za m'manja?" Ena amafunsa chifukwa ogula akhala akuwabwerera pakhomo atamva kuti makina palibe. Ena amafunsa mwamantha chifukwa anamva kuti mnzawo anaberedwa.

Funsoli nlofunika, pakuti mpamba wa kabizinesi ka mlimi umachokera m'thukuta la chaka chathunthu. Munthu akaluza mpamba mu Julayi, mu Novembala sagula feteleza. Nchifukwa chake m'nkhani ino tifotokoza mmene malipiro a pa khadi ndi pa foni amayendera, mtengo wake, ubwino wake ndi zoopsa zake, kuti aliyense athe kudzisankhira yekha.

KODI KHADI NCHIYANI?

Makadi olipirira alipo a mitundu iwiri, ndipo mlimi asawasokoneze.

Mtundu woyamba ndi khadi yotapira ndalama zako zomwe. Imeneyi ndi ija ambiri timaitcha khadi ya ATM. Munthu akalipira nayo, banki imachotsa ndalama mu akaunti yake nthawi yomweyo. Ngati mu akaunti mulibe kanthu, khadi imakana. Makadi ambiri amene anthu ali nawo kuno ku Malawi ndi a mtundu umenewu.

Mtundu wachiwiri ndi khadi ya ngongole. Mwini wake akalipira nayo, ndalama zimene wagwiritsa ntchito ndi za banki, ndipo iye amadzabweza pambuyo pake, kawirikawiri ndi chiwongola dzanja ngati wachedwa. Makadi otere kuno amapezeka ndi anthu ochepa a m'tauni ndiponso alendo ochokera kunja. Anayambira ku America. M'chaka cha 1950 kampani ya Diners Club ya ku New York inatulutsa khadi yodyera m'malesitilanti nkulipira kutha kwa mwezi. Mu 1958 Bank of America inatulutsa khadi yake ya BankAmericard, imene mu 1976 inasintha dzina kukhala Visa. Mukayang'ana pa khadi yanu ya ku banki, mwina mupezapo dzina la Visa kapena la Mastercard. Amenewa ndi makampani amene amalumikiza mabanki a maiko osiyanasiyana ndi kuika malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka makadi.

Kwa inu wogulitsa, mitundu iwiriyi imalowa m'makina amodzi omwewo, aja a banki amati POS. Kusiyana kwake kumaonekera pa ndalama imene banki ingakuduleni ndiponso pa milandu ikabuka, monga tionere kutsogoloku.

ZINAFIKA BWANJI KUNO?

Akuluakulu akukumbukira nthawi imene Kwacha inalowa m'malo mwa paundi m'chaka cha 1971. Masiku amenewo mlimi ankapita ndi mbewu zake ku msika, kalaliki nkuyeza pa sikelo, nkumuwerengera ndalama m'manja. Ndalamayo inkasungidwa m'kachitini kapena ku positi ofesi.

Zinthu zinasintha kwambiri pamene mafoni anafika m'midzi. Airtel Money inayamba m'chaka cha 2012, ndipo TNM Mpamba inatsatira mu 2013. Mu 2015 mabanki a m'dziko muno anayamba kulumikizana kudzera ku National Switch, kotero kuti khadi ya banki ina inayamba kugwira ntchito pa makina a banki inzake. Pambuyo pake makina a POS ndi ndalama za pa foni zinalumikizidwanso. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loyendetsera njira za malipiro, limene linapatsa banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi mphamvu zoyang'anira zonsezi. Mu 2017 anthu analembetsa ziphaso za unzika, ndipo mu 2018 nambala za foni zinayamba kulembetsedwa pogwiritsa ntchito ziphasozo. Mu 2019 banki yaikuluyo inatulutsa malamulo ofuna kuti mabizinesi okhala ndi ziphaso akhale ndi njira yolandirira malipiro popanda ndalama za m'manja.

Palinso chifukwa china. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Ngakhale ndalama ya pepala ya K5,000 inatuluka mu 2022, munthu wogula matumba angapo a feteleza amanyamulabe mpukutu waukulu. Ambiri tsopano amaopa kuyenda ndi mpukutu wotero pa minibasi kapena pa kabaza.

NDALAMA IMAYENDA BWANJI?

Wogula akalowetsa khadi m'makina, ena amaganiza kuti ndalama yachoka m'khadi nkulowa m'makinamo. Sizili choncho. M'makina mulibe ndalama. Pa malonda amodzi a khadi pamakhala mbali zisanu: wogula, banki ya wogula, inu wogulitsa, banki yanu imene inakupatsani makina, ndi wolumikiza mabanki awiriwo, amene ndi National Switch, Visa kapena Mastercard.

Ntchito yake imayenda motere:

1. Inu mumalemba mtengo pa makina, wogula nkuona ngati uli woona.

2. Wogula amalowetsa khadi nkulemba nambala yake yachinsinsi, ija timati PIN. Makadi ena atsopano amangogunditsidwa pa makina ngati ndalama yake ili yochepa.

3. Makina amatumiza uthenga pa netiweki ya foni kupita ku banki yanu, ndipo kuchokera kumeneko uthengawo umapita ku banki ya wogula kukafunsa ngati khadiyo ili yabwino ndiponso ngati ndalama zilipo.

4. Banki ya wogula ikavomera, makina amatulutsa risiti yosonyeza kuti malipiro avomerezedwa. Ikakana, risiti imasonyeza kuti akanidwa.

5. Pambuyo pake mabanki awiriwo amawerengerana, ndipo banki yanu imaika ndalama mu akaunti yanu itachotsapo gawo lake.

Onetsetsani kusiyana kwa nambala 4 ndi nambala 5. Kuvomera kumachitika m'kamphindi, koma kulowa kwa ndalama mu akaunti kungatenge tsiku kapena kupitirira, makamaka ngati mwagulitsa Loweruka, Lamulungu kapena pa tsiku la tchuthi. Mlimi amene amagulitsa lero kuti mawa m'mamawa akapikule katundu ku Limbe ayenera kudziwa zimenezi asanatenge makina.

Malipiro a pa foni ndi osiyana pang'ono. Wogula amatumiza ndalama kuchoka pa nambala yake kupita pa nambala yanu, kapena pa nambala ya bizinesi imene kampani ya foni imapereka kwa ogulitsa. Ndalama imafika nthawi yomweyo. Koma kuti isanduke ya m'manja muyenera kupita kwa ajenti, ndipo kutapa kuli ndi mtengo wake.

KODI MTENGO WAKE NDI WOTANI?

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Banki imadula gawo pa malonda alionse a pa khadi, ndipo wolipira gawo limeneli ndinu wogulitsa. Mabanki amasiyana kadulidwe, choncho manambala ali m'munsiwa ndi ongoyerekezera kuti muone kawerengedwe kake. Inu mukafunse manambala enieni ku banki yanu.

Tiyerekeze kuti banki ikudula K2 pa K100 iliyonse. Munthu akamva choncho amati nzochepa. Koma tiyeni tione.

Mlimi woyamba amagulitsa feteleza. Tiyerekeze kuti thumba amapikula pa K95,000 kuphatikizapo thiransipoti, nkugulitsa pa K100,000. Phindu lake ndi K5,000. Wogula akalipira pa khadi, banki idula K2,000. Phindu lotsala ndi K3,000. Ndiye kuti pa K5 iliyonse ya phindu, K2 yapita.

Mlimi wachiwiri ali ndi golosale. Tiyerekeze kuti katundu amene wagulitsa pa K10,000 anamupikula pa K8,000. Phindu lake ndi K2,000. Banki idula K200, phindu lotsala nkukhala K1,800. Iyeyu wataya gawo limodzi lokha mwa magawo khumi.

Kadulidwe nkamodzi, koma wina kamupweteka kwambiri, wina pang'ono. Phunziro lake ndi ili: yerekezani chodula cha banki ndi phindu lanu, osati ndi mtengo wa katundu. Katundu wa mtengo waukulu koma wa phindu lochepa, monga feteleza, simenti ndi malata, ndiye amafuna kuwerengera mosamala.

Palinso zolipira zina zimene muyenera kufunsa: lendi ya makina pa mwezi ngati ilipo, mapepala a risiti, ndalama yosungira akaunti, ndalama yotapira, ndi chimene mudzalipire makina akaonongeka kapena kubedwa. Tiyerekeze kuti zonsezi pamodzi zikukwana K15,000 pa mwezi. Ngati pa mwezi anthu khumi okha ndiwo amalipira pa khadi, ndiye kuti aliyense wakudyerani K1,500 musanawerengere gawo lija la banki. Akakhala anthu 150, aliyense ndi K100 yokha. Kumbukiraninso kuti malonda athu kuno amayendera nyengo. Kuyambira Meyi mpaka Seputembala ogula amachuluka, koma mu Januwale ndi Febuluwale msika umazizira pamene lendi imakhalabe yomweyo.

Ena amaganiza zoonjezera mtengo kwa wolipira pa khadi kuti abweze chodulacho. Musachite zimenezi musanawerenge pangano lanu, chifukwa mapangano ambiri a makadi amaletsa, ndipo banki ikhoza kukulandani makina.

Koma powerengera musaiwale mbali inayo. Ndalama za m'manja nazonso zili ndi mtengo wake wobisika: ulendo wopita ku banki ku Limbe ndi kubwerako, tsiku limene mwatseka golosale, ndi ndalama zimene zimasowa m'kabati popanda wodziwa kumene zapita.

UBWINO WAKE

Choyamba, ndalama imene ili ku banki mbala siingaithyolere nyumba. Anthu oipa amadziwa bwino tsiku limene mlimi wagulitsa nandolo kapena fodya. Moto, chiswe ndi madzi nazonso zaononga ndalama zambiri zosungidwa m'nyumba.

Chachiwiri, pa khadi ndi pa foni palibe ndalama yachinyengo ya pepala, ndiponso palibe vuto la chenji.

Chachitatu, malonda onse amalembedwa okha. Kutha kwa mwezi mungapemphe chikalata cha akaunti yanu nkuona zimene zinalowa tsiku ndi tsiku. Chikalata chimenechi chimathandiza popempha ngongole, chifukwa a banki amakhulupirira zolembedwa koposa mawu a pakamwa.

Chachinayi, aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi ena ogwira ntchito m'boma amalandirira malipiro awo ku banki. Ngati pa sitolo yanu angathe kulipira pa khadi kapena pa foni, sadzaona chifukwa chokagulira ku Limbe. Chimodzimodzinso mabanja amene amalandira thandizo kuchokera kwa ana awo a ku Joni, pakuti ndalama zambiri zotere zimafikira pa foni.

ZOOPSA ZAKE NDI MMENE MUNGAZIPEWERE

1. Uthenga wabodza

Uku ndiko kuba kofala kwambiri. Wogula amakuonetsani uthenga pa foni yake wosonyeza kuti watumiza ndalama, kapena uthenga umafika pa foni yanu wooneka ngati wa kampani pamene wachokera pa nambala wamba. Mlimi wina wa m'dera langa anapakiza matumba asanu ndi limodzi a nandolo pa galimoto ya munthu wachilendo ataona uthenga wotero. Kunali kutayamba kuda, wogulayo ankafulumira, ndipo mlimiyo anachita manyazi kumudikiritsa munthu wovala bwino. M'mawa atapita kwa ajenti anapeza kuti pa foni palibe chimene chinalowa. Chaka chimenecho analima theka la munda wopanda feteleza.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Uthenga si ndalama. Musanapereke katundu, lowani nokha mu akaunti yanu pa foni yanu nkuona ngati ndalama zakwera. Wogula woona sakwiya ndi kudikira mphindi ziwiri.

2. "Ndatumiza molakwitsa, ndibwezereni"

Munthu amaimba foni modandaula kuti watumiza ndalama pa nambala yanu mwangozi, mwina nkunena kuti ndi za maliro kapena za wodwala. Nthawi zambiri palibe chimene watumiza. Nthawi zina amatumizadi, inu nkumubwezera, iye nkukapemphanso ku kampani kuti imubwezere kachiwiri. Yankho lake nlimodzi: muuzeni akadandaule ku kampani ya foni kuti iyo ibweze yokha. Inu musatumize kanthu.

3. Netiweki ndi magetsi

Makina a POS amadalira batire ndi netiweki. Tonse tikukumbukira kuti namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi ankazima maola ambiri kwa nthawi yoposa chaka. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula misewu ndi kugwetsa mapolo kuno kwathu komwe. Pa masiku otere mwini sitolo amene amadalira makina okha sagulitsa.

Vuto lina limabwera netiweki ikaduka pakati pa malipiro. Wogula amalandira uthenga woti ndalama zachoka, koma makina anu atulutsa risiti yokana, kapena osatulutsa kanthu. Apa musapereke katundu, ndiponso musabweze ndalama za m'manja, chifukwa kwa inu sikunafike kanthu. Ndalama yotere imabwerera kwa mwini wake kudzera ku banki yake. Mupatseni risiti yokanayo, lembani tsiku, nthawi ndi mtengo m'buku lanu, ndipo mufotokozereni mwaulemu kuti akaonane ndi banki yake. Musabwereze kulowetsa khadi kambirimbiri, kuopa kumudula kawiri.

4. Kulandidwa ndalama zimene zinalowa kale

Ichi ambiri sachidziwa. Pa malamulo a makadi, mwini khadi ali ndi ufulu wokadandaula ku banki yake kuti malipiro ena sanachite ndi iye, kapena kuti katundu sanalandire. Banki yake ikaona kuti dandaulo lili ndi maziko, imaitanitsa ndalamayo ku banki yanu, ndipo banki yanu imaichotsa mu akaunti yanu ngakhale patapita masabata kapena miyezi. A banki amatcha zimenezi chargeback. Zimachitika kawirikawiri ndi makadi a ngongole ndi makadi akunja. Chokutetezani ndi umboni. Sungani risiti iliyonse pamodzi ndi zolemba za katundu amene munapereka. Dziwani kuti mapepala a makinawa amafufutika akakhala pa dzuwa kapena pa malo otentha, choncho asungeni mu envulopu pa malo ozizira ndipo lembani nambala ya risiti m'buku.

5. Khadi yobedwa ndi malonda a pa foni

Khadi ikalowetsedwa m'makina mwini wake nkulemba PIN, inu mumakhala wotetezeka kwambiri. Choopsa chachikulu chili pamene khadi palibe. Munthu amaimba foni kuti ali ku Blantyre kapena kunja, akufuna matumba makumi awiri a nandolo, nkukuwerengerani manambala a khadi kuti mulembe nokha pa makina, galimoto ibwera kudzatenga. Kanani. Ngati khadiyo ili yobedwa, mlandu wonse udzagwera inu, ndipo katundu adzakhala atapita. Chenjeraninso ndi munthu amene akutulutsa makadi angapo motsatizana pamene oyamba akukana, kapena amene akupempha kuti mugawe mtengo umodzi m'tizigawo tating'onoting'ono.

6. Kusandutsa makina kukhala ATM

Ena adzakupemphani kuti mudule K50,000 pa khadi yawo muwapatse ndalama za m'manja, iwo akupatsani kangachepe. Ngati banki siinakuvomerezeni kukhala ajenti wake, musachite. Mukuphwanya pangano, ndipo imeneyi ndi njira imene akuba amatsukira makadi obedwa.

7. Wa m'nyumba momwe

Si akuba onse amachokera kutali. Wogulitsa mu sitolo angathe kupatsa ogula nambala yakeyake m'malo mwa nambala ya bizinesi. Angathenso kubweza malipiro pa makina ponamizira kuti wogula wabweza katundu. Lembani nambala ya bizinesi ndi dzina lake pa chikwangwani chachikulu kuti wogula aliyense aziona. Nambala yachinsinsi yobwezera malipiro ikhale ndi inu nokha. Madzulo alionse tulutsani chiwerengero cha tsikulo pa makina nkuchiyerekeza ndi buku la malonda. Kusiyana kwa tsiku limodzi kumapezeka msanga, koma kwa miyezi itatu sikupezeka.

8. Oimba foni onamizira kuti ndi a banki

Palibe wogwira ntchito ku banki kapena ku kampani ya foni amene ali ndi chifukwa chofunsira PIN yanu kapena manambala amene abwera pa uthenga. Wofunsa zimenezi ndi wakuba, ngakhale atchule dzina lanu ndi mudzi wanu molondola. Ndipo foni yanu ikangosiya kugwira netiweki pamene a anzanu akugwira, thamangani ku kampani tsiku lomwelo, pakuti mwina wina watulutsa simu ina pa nambala yanu. PIN isakhale chaka chanu chobadwa, ndipo isalembedwe kuseri kwa khadi kapena pa khoma la sitolo.

MAWU KWA OLIMA PA MAESITETI

Chisinthireni lamulo la ntchito mu 2021, pamene dongosolo lakale la utenanti linathetsedwa, ogwira ntchito pa maesiteti ayenera kulandira malipiro monga antchito ena onse, ndipo ena amalandirira ku banki kapena pa foni. Kwa inu tili ndi malangizo awiri.

Loyamba, akaunti kapena nambala yolandirira ikhale m'dzina lanu, yolembetsedwa ndi chiphaso chanu. Musalole kuti malipiro anu azidzera pa foni ya kapitawo, ya mnansi kapena ya mwini golosale. Pakabuka mkangano, zolembedwa zidzasonyeza kuti ndalama inaperekedwa, ndipo inu mudzasowa poyambira.

Lachiwiri, musapereke khadi yanu ndi PIN ngati chikole kwa wa katapira kapena kwa mwini sitolo amene mumatengako katundu pa ngongole. Iye adzayamba kutapa malipiro anu inu musanawaone, ndipo ngongole yotere siitha. Inunso eni magolosale, kusunga makadi a anthu si njira yotolerera ngongole. Ndalama ikasowa mu akaunti ya munthuyo, woyamba kufunsidwa ndi apolisi mudzakhala inu.

MAFUNSO OKAFUNSA MUSANASAINE

Safunsa anadya phula. Popita ku banki kapena ku kampani ya foni, tengani kope ndi cholembera, ndipo mayankho a mafunso awa muwalembe:

1. Mumadula zingati pa K100 iliyonse? Kodi kadulidwe nkofanana pa makadi a banki yanu, a mabanki ena ndi akunja?

2. Kodi pali lendi ya pa mwezi, kapena mlingo wa malonda umene ndiyenera kufikira?

3. Ndalama imalowa mu akaunti patapita masiku angati? Nanga za Loweruka ndi Lamulungu?

4. Makina akaonongeka, amakonza ndani, ndipo adzafika kuno ku Chiradzulu patapita nthawi yaitali bwanji?

5. Makinawa amagwiritsa ntchito netiweki iti? Kodi imagwira bwino pa malo anga?

6. Wogula akakana malipiro, mudzandidziwitsa bwanji, ndipo ndidzakhala ndi masiku angati operekera umboni?

7. Ndikafuna kusiya, ndidzalipira chiyani?

Funsani mabanki awiri kapena atatu musanasankhe. Pangano mupite nalo kunyumba mukaliwerenge modekha, ndipo ngati Chingerezi chake chili chovuta, pezani wokuthandizani.

VUTO LIKAGWA

Musachedwe ndiponso musachite manyazi. Imbani ku banki kapena ku kampani ya foni nthawi yomweyo pa nambala imene ili pa khadi kapena pa pangano lanu, osati imene wakupatsani munthu wachilendo. Pemphani nambala ya dandaulo lanu nkuilemba. Musafufute mauthenga a pa foni, pakuti ndiwo umboni. Ngati mwaberedwa, kanenani ku polisi. Banki kapena kampani ikalephera kukuthandizani, dandaulo lanu mungapite nalo ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabanki ndi makampani a ndalama za pa foni. Auzeninso anzanu a m'kalabu, chifukwa wakuba amene wapambana pa Namitambo mawa adzayesa pa Milepa.

NANGA TSONO MLIMI ASANKHE CHITI?

Yankho silingakhale limodzi kwa onse. Mayi wogulitsa tomato ndi masamba pa msika, amene malonda ake ndi a ndalama zing'onozing'ono, safunika makina a POS. Foni ndi yokwanira. Mwini golosale kapena chigayo m'mudzi ayambe ndi nambala ya bizinesi ya pa foni, yosiyana ndi nambala ya pakhomo, kuti ndalama ya mpamba isasakanikirane ndi ya ndiwo. Mwini sitolo ya zipangizo za ulimi pa Boma kapena m'mbali mwa msewu wa Zomba, amene amalandira anthu a pa ntchito ndi ogula zambiri nthawi imodzi, makina angamupindulire, malinga ngati wawerengera bwino phindu lake. Makalabu ndi magulu a alimi a mkaka amene amasonkhetsa ndalama za anthu ambiri aonetsetse kuti akaunti ili m'dzina la gulu, ndipo ndalama isatuluke popanda anthu awiri kapena atatu kuvomereza.

Musanapite ku banki, chitani ichi kwa mwezi umodzi: m'buku lanu la malonda ikani chizindikiro nthawi iliyonse pamene wogula wafunsa zolipira pa khadi kapena pa foni, ndipo lembani mtengo wa katundu amene amafuna ndiponso ngati anabwerera osagula. Pakutha pa mwezi mudzadziwa phindu limene mukutaya, nkuliyerekeza ndi zimene banki idzadula. Mukatero bwerani nalo bukulo pa msonkhano wa kalabu kapena ku ofesi ya zaulimi ya Mombezi, Thumbwe kapena Mbulumbuzi, ndipo mlangizi wa m'dera lanu adzakuthandizani kuwerengera.